Kutchera khutu kumasintha chiyani mu ubongo?

Mumsika wa Limbe masana, khutu limalandira zambiri nthawi imodzi: oitanira minibasi akukuwa, mahutala, nyimbo za pa sipika, mwana akulira kumsana kwa mayi ake. Koma mukamanenerera mtengo wa tomato mumawamva bwinobwino mayi amene mukukambirana nawo, zina zonsezo n'kukhala ngati zili patali. Chichewa chimasiyanitsa kumva ndi kumvetsera, kuona ndi kupenyetsetsa. Asayansi akhala akuyeza kusiyana kumeneku pamutu pa munthu kwa zaka zoposa 50, ndipo anapeza kuti kumayamba msanga kwambiri, munthu asanadziwe n'komwe kuti wamva kanthu.

Kodi mu ubongo mulidi magetsi, kapena ndi kafanizidwe chabe?

Alimodi. Maselo a ubongo amatumizirana uthenga ndi timphamvu tamagetsi timene timabwera michere monga sodium ndi potassium ikamalowa ndi kutuluka m'maselomo. Maselo ochuluka oyandikana akagwira ntchito nthawi imodzi, kamphamvu kawo kamadutsa chigaza n'kufika pakhungu la pamutu, pomwe timabatani tachitsulo tomatidwa pakhungupo tingakatole. Kayezedwe kameneka ndi kamene achipatala amati EEG, kamene amayezera anthu odwala khunyu. Makinawo salowetsa magetsi m'mutu mwa munthu. Amangojambula amene alimo kale.

Woyamba kuwajambula pa munthu anali Hans Berger, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Jena, ku Germany, mu 1924, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1929. Anaona kuti munthu akatsinzina n'kukhala phee, pamaoneka mafunde oyenda mwadongosolo, pafupifupi 10 pa sekondi. Akatsegula maso kapena akapatsidwa samu yoti awerengere m'mutu, mafundewo amazilala. Ambiri sanamukhulupirire mpaka Edgar Adrian ndi Bryan Matthews a ku Cambridge atatsimikiza zimenezi mu 1934. Choncho kuyambira pa chiyambi penipeni zinaoneka kuti kumene munthu waika maganizo kumasintha zimene makinawo akulemba.

Nanga mumadziwa bwanji kuti funde ili ndi yankho la ubongo pa phokoso linalake, poti ubongo umachita zambiri nthawi imodzi?

Apa ndi pamene panali povuta. Batire la tochi lili ndi ma volt 1.5, pamene magetsi a pamutu amayezedwa m'magawo a volt imodzi yogawidwa ka 1,000,000. Yankho la ubongo pa kaphokoso kamodzi ndi laling'ono kuposa mafunde ena onse amene akuyenda m'mutumo. Kulifunafuna kuli ngati kumvetsera munthu akunong'ona chigayo chikulira.

Njira yake ndi kubwereza. Mumaliza kaphokoso komweko kambirimbiri, n'kudula chidutswa cha EEG kuyambira pamene kaphokosoko kalira, kenaka n'kuphatikiza zidutswa zonse. Mafunde amene alibe chochita ndi kaphokosoko amakwera pena, n'kutsika pena, ndiye pophatikiza amafafanizana. Yankho lenileni limabwera pa nthawi yomweyomweyo ulendo uliwonse, ndiye limatsala poyera. Kubwereza ka 100 kumachepetsa zosokonezazo ka 10. George Dawson wa ku London anayamba ndi kusanjikiza zithunzi za mafundewo mu 1947, kenaka anapanga makina ophatikizira, ndipo makompyuta atabwera ntchitoyi inapepuka.

Chimene chimatuluka ndi mzere wokhala ndi timapiri ndi tizigwa, ndipo kalikonse kali ndi nthawi yake. Nthawiyo imawerengedwa m'mamilisekondi, kutanthauza sekondi imodzi yogawidwa ka 1,000. M'mamilisekondi 10 oyamba mumaoneka timafunde ta uthenga umene ukudutsa mu mtsempha wa khutu ndi m'tsinde la ubongo. Pa mamilisekondi pafupifupi 100 pamabwera funde lalikulupo lotchedwa N1, lochokera makamaka m'mbali ya ubongo yoona za kumva. Pa mamilisekondi 300 kapena kupitirirapo pamabwera lina lotchedwa P300, limene Samuel Sutton ndi anzake a ku New York analifotokoza mu 1965. Ilo limakula munthu akazindikira chinthu chosabwera pafupipafupi chimene amachidikirira.

Ndiye kutchera khutu kumalowa pati?

Funsoli linavutitsa anthu zaka 20. Mu 1953 Colin Cherry anaveka anthu mahedifoni, khutu lililonse likumva nkhani yakeyake, n'kuwauza kuti azibwereza mokweza nkhani ya khutu limodzi. Atawafunsa za khutu linalo, ankatha kunena ngati wolankhula anali mwamuna kapena mkazi, koma zimene ankanena sankazidziwa. Donald Broadbent wa ku Cambridge ananena mu 1958 kuti ubongo uli ndi sefa imene imatsekereza zosafunika koyambirira, tanthauzo lake lisanadziwike. Ena anatsutsa, amvekere ubongo umamva zonse mpaka tanthauzo, kusankha kumabwera pambuyo. Kufunsa munthu zimene wakumbukira sikukanathetsa mkanganowo, chifukwa woti sanamve ndi woti anamva n'kuiwala amayankha zofanana. Pankafunika kuona uthengawo uli m'njira.

Oyamba kuyesa anapunthwa. Mu 1956 Raúl Hernández-Peón wa ku Mexico ndi anzake anayeza ubongo wa mphaka amene ankamva kaphokoso kobwerezabwereza. Atamuonetsa mbewa m'botolo, yankho la ubongo pa kaphokosoko linachepa. Zinaoneka ngati umboni wamphamvu, koma ena anadzaonetsa kuti mphaka akaona mbewa amatembenuza mutu ndi makutu, motero phokoso lolowa m'khutu limasintha palokha. Kafukufuku wa pa anthu wa m'ma 1960 nayenso anali ndi chilema chimene Risto Näätänen wa ku Finland anachiloza mu 1967: timaphokoso tinkabwera motsatana mwadongosolo, ndiye munthu ankadziwiratu nthawi imene kofunikako kabwere n'kudzikonzekeretsa thupi lonse. Funde likakula, sizinkadziwika ngati ndi kusankha kapena ndi kugalamuka chabe.

Amene anatseka mipata yonseyi ndi Steven Hillyard ndi anzake atatu, Hink, Schwent ndi Picton, ku University of California, San Diego, mu 1973. Anthu anavala mahedifoni, kotero kutembenuza mutu kunalibe ntchito. Khutu lakumanzere linkalandira timaphokoso ta mawu otsika, lakumanja ta mawu okwera, tikubwera mothamanga ndiponso mosakanikirana, moti munthu sakanadziwa khutu limene limve kotsatira. Ntchito yake inali yovuta dala: kumvetsera khutu limodzi n'kuwerenga timaphokoso tapatalipatali timene tinali tokwererapo pang'ono kuposa tinzake. Akamaliza ankabwerezanso, ulendo uno akumvetsera khutu linalo.

Kukongola kwa kafukufukuyu kuli apa: phokoso ndi lomwelo, khutu ndi lomwelo, munthu ndi yemweyo, ntchito ndi yolemera chimodzimodzi. Chosintha ndi chimodzi chokha, kumene maganizo ali. Ndipo funde la N1 linali lalikulu pa kaphokoso kalikonse ka m'khutu limene munthu akumvetsera, n'kukhala laling'ono kaphokoso komweko kakalira iye akumvetsera kwina. P300 inkabwera pambuyo, makamaka pa timaphokoso timene amatiwerenga tija. Ndiye kuti kusankha kumachitika pawiri. Poyamba ubongo umakweza zonse zochokera mbali imene mwatchera khutu, pa mamilisekondi 100, nthawi imene ngakhale kuphethira kumodzi sikunathe. Kenaka umatola m'menemo chimene mukufunacho.

Kodi ndiye kuti khutu losamvetseralo limatsekeka?

Ayi. Timafunde ta m'mamilisekondi 10 oyamba timabwera pafupifupi chimodzimodzi kaya munthu akumvetsera, akuwerenga buku kapena ali m'tulo. N'chifukwa chake achipatala amatha kuyeza ngati khanda limamva lili chigonere, pongoyang'ana timafunde timeneti. Kusintha kumayambira m'mwamba. Marty Woldorff ndi Hillyard anapeza mu 1991 kuti munthu akaikirapo mtima kwambiri, kusiyana kumayamba kuoneka pakati pa mamilisekondi 20 ndi 50, nthawi imene uthenga wangofika kumene m'mbali ya ubongo yoona za kumva. Ngakhale apo, zosamvetseredwazo sizizimitsidwa. Zimangotsitsidwa, monga momwe mumachepetsera wailesi mlendo akafika. Izi zikugwirizana ndi zimene Anne Treisman ananena kalekale m'ma 1960, kuti sefa ya Broadbent imafooketsa, siitseka.

Nanga maso ndi khungu?

Ndi chimodzimodzi. Munthu amatha kuyang'ana kutsogolo maganizo ali pambali, monga amachitira mphunzitsi amene akuyang'ana m'buku koma akulondalonda mwana wa pakona. Ofufuza amauza munthu kuti ayang'anitsitse kadontho pakati pa sikirini osasuntha maso, koma aike maganizo kumanzere kapena kumanja. Kuwala kukang'anima kumbali imene waika maganizo, mafunde awiri, P1 pa mamilisekondi pafupifupi 100 ndi N1 ya maso imene imatsatira, amakula. Kuwala komweko kukang'anima maganizo ali mbali ina, amachepa. Ndiponso kuwala kusanabwere n'komwe, mafunde a Berger aja amakula m'mbali ya ubongo imene ikuyang'anira kumene munthu akunyalanyaza, ngati kuti ubongo watsekeratu mawindo a mbali imeneyo.

Pa khungu, John Desmedt wa ku Brussels anasonyeza mu 1977 kuti kukhudza chala kumabweretsa funde lalikulu pa mamilisekondi pafupifupi 140 munthu akamaganizira chalacho kusiyana ndi pamene akuganizira chala cha dzanja lina. Ngakhale mafunde obwera ndi ululu amachepa munthu akatanganidwa ndi china. Namwino amene amacheza ndi mwana pomubaya jakisoni akugwiritsa ntchito zimenezi.

Ngati zosamvetseredwa zimafooka, bwanji munthu amamva dzina lake likatchulidwa m'chigulu cha anthu?

Chifukwa ubongo susiya kulondera. Neville Moray anabisa dzina la munthu m'nkhani ya khutu losamvetsera lija mu 1959, ndipo pafupifupi ulendo umodzi mwa maulendo atatu alionse munthuyo ankalimva. Chinthu chimene ubongo unachizolowera kwambiri chimadutsa ngakhale chitafooka.

Pali funde lina limene limaonetsa ulonda umenewu. Näätänen ndi anzake analifotokoza mu 1978, ndipo limatchedwa MMN. Munthu amapatsidwa buku kuti aziwerenga, timaphokoso tofanana tikulira m'makutu mwake. Kamodzi kakasiyana ndi tinzake, ubongo umatulutsa fundeli pakati pa mamilisekondi 100 ndi 250 ngakhale mwini wake ali m'bukumo. Ubongo umakhala utasunga kalilidwe ka zimene zakhala zikumveka, n'kumafanizira chilichonse chatsopano. Dalaivala wozolowera galimoto yake amadzidzimuka injini ikangosintha kalilidwe, chonsecho anali mkati mocheza. Madokotala ena amayang'ana MMN mwa anthu amene ali chikomokere, chifukwa ikapezeka nthawi zambiri chimakhala chizindikiro chakuti wodwalayo angatsitsimuke. Komabe nayonso imachepa munthu akamira kwambiri mu ntchito ina yovuta.

Chodabwitsa kwambiri kwa ine ndi chimene Steven Luck, Edward Vogel ndi Kimron Shapiro anapeza mu 1996. Pali funde lotchedwa N400, limene Marta Kutas ndi Hillyard analitulukira mu 1980. Limabwera munthu akakumana ndi liwu losagwirizana ndi nkhani, monga kunena kuti anathira nsapato mu tiyi. Luck ndi anzake anaonetsa anthu zilembo ndi mawu othamanga kwambiri pa sikirini. Munthu akatola chinthu choyamba chimene wauzidwa kufuna, maganizo ake amatanganidwa nacho kwa theka la sekondi, ndipo liwu lobwera m'nthawi imeneyo nthawi zambiri satha kulitchula. Koma N400 inkabwerabe pa mawu oterowo. Ubongo unali utawerenga liwulo mpaka tanthauzo, mwini wake osadziwa. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti funde limene limasowa pamenepo ndi P300.

Motero mbali zonse za mkangano wa sefa uja zinali ndi mfundo. Zolowa m'makutu ndi m'maso zikachuluka n'kumapikisana, ubongo umasefa koyambirira. Zikakhala kuti zalowa bwino koma maganizo ali pa china, zimataika kumapeto, pakhomo lolowera m'zimene munthu amazindikira.

Timaphokoso ta m'mahedifoni si kulankhula kwa anthu. Kodi izi zimachitikanso pa nkhani yeniyeni?

Zimachitika, ndipo umboni wake ndi woonekeratu. Mu 2012, Nima Mesgarani ndi Edward Chang a ku San Francisco anagwira ntchito ndi odwala khunyu amene anali ataikidwa kale timabatani pamwamba penipeni pa ubongo pokonzekera opaleshoni. Anawamvetseretsa anthu awiri akulankhula nthawi imodzi, n'kuwauza kuti atsatire mmodzi. Kuchokera m'magetsi a ubongowo, kompyuta inayesa kumanganso mawu amene wodwalayo amamva, ndipo amene anatuluka anali ofanana ndi a munthu amene amatsatiridwayo, mnzake uja ngati kulibe. Wodwala akalakwitsa n'kusochera, mafundewo nawonso ankasochera. Ofufuza ena akuyesa kugwiritsa ntchito mfundoyi popanga zipangizo zothandiza kumva zimene zingakweze mawu a munthu amene wovalayo akufuna kumumvera.

Ntchito ina inayamba kale mu 1988, pamene Lawrence Farwell ndi Emanuel Donchin a ku Illinois anaika zilembo m'mizere 6 yopingasa ndi 6 yotsika, mizereyo ikuwala mosinthanasinthana. Munthu akangoika maganizo pa chilembo chimodzi, P300 imabwera mzere wake ukawala, ndipo kompyuta imadziwa chilembocho. Anthu opuwala thupi lonse alembapo mawu mwa njira imeneyi.

Ndimayendetsa galimoto ndikulankhula pa foni, maso ali pamsewu, manja onse ali pa chiwongolero. Vuto lili pati?

Vuto lili poti maso kukhala pamsewu si umboni woti msewuwo ukufika bwino mu ubongo. David Strayer ndi Frank Drews a ku University of Utah anaika anthu m'makina oyerekeza kuyendetsa galimoto, akutsatira galimoto ina imene inkamanga mabuleki mwadzidzidzi. Anayeza P300 imene imabwera nyali zofiira za kumbuyo zikayaka. Mwa amene ankalankhula pa foni, ngakhale yosagwira m'manja, fundelo linachepa ndi theka. Anafalitsa zimenezi mu 2007. Anapezanso kuti oyendetsa oterowo ankalephera kukumbukira zikwangwani zimene maso awo anaziyang'ana ndithu.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Pamsewu wa M1, pomwe wakabaza, mbuzi ndi ana a sukulu amayenda m'mphepete mwenimweni mwa tala, kuchedwa theka la sekondi ndi mamita 11. Ine ndikakwera minibasi dalaivala n'kuyamba kukambirana za ndalama pa foni, ndimalankhula, ndipo ndikanakonda okwera anzanga akanamandithandiza.

Mwana wanga aphunzitsi amati ndi wosamva, maganizo ake sakhazikika. Kodi EEG ingaonetse vuto lake?

Pa mwana mmodzi payekha, ayi. Mafunde amene tafotokozawa amasiyana kwambiri pakati pa anthu abwinobwino, ndipo zimene ofufuza amapeza ndi kusiyana kwa magulu. Munthu wokuuzani kuti makina ake ayeza kukhazikika kwa maganizo a mwana wanu n'kukugulitsani mankhwala, musamukhulupirire msanga. Koma zimene zapezeka pa magulu a ana n'zofunika kuti kholo ndi mphunzitsi azidziwe.

Helen Neville ndi anzake a ku University of Oregon ankakhazika ana aang'ono pakati pa masipika awiri, iliyonse ikusimba nthano yake, n'kuwauza kuti atsatire imodzi. Ngakhale mwa ana a zaka zitatu mpaka zisanu, ubongo unkakweza nthano yotsatiridwayo pa mamilisekondi pafupifupi 100. Mu 2009 anapeza kuti mwa ana ochokera m'mabanja ovutika, vuto lalikulu linali kutsitsa nthano inayo. Mu 2013 anaonetsa kuti maphunziro a masabata 8, a ana ndi makolo awo pamodzi, anasintha mafundewo. Luso lotchera khutu limakula, ndipo limaphunzitsika. Ndikawerenga zimenezi ndimaganiza za mwana wa Sitandade 1 m'kalasi ya ana oposa 100, kapena pansi pa mtengo pafupi ndi msewu. Ntchito imene tikuupatsa ubongo wake ndi yomwe ija ya San Diego, koma kwa tsiku lonse.

Palinso matenda. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Gretchen Birbeck, Terrie Taylor ndi anzawo anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo, ndipo anafalitsa zotsatira mu 2010. Pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 alionse anadzayamba khunyu, ndipo chiwerengero chonga chomwecho chinayamba khalidwe lovuta: kusakhazikika, kuchita zinthu mopupuluma, ndewu. Ku Kilifi, m'mbali mwa nyanja ku Kenya, Michael Kihara ndi anzake anayeza mafunde a ana amene anadwalapo malungo aakulu, ndipo m'chaka chomwecho anafotokoza kuti yankho la ubongo wawo pa phokoso lachilendo linali losiyana ndi la anzawo amene sanadwalepo choncho.

Liwu loti kumva m'Chichewa limanyamula zambiri: kumva phokoso, kumva kuwawa, kumva tanthauzo, kumvera akulu. Tikati mwana ndi wosamva, nthawi zambiri timathamangira ku tanthauzo lomalizalo, n'kutenga chikwapu. Mwana wanu ngati anasintha atadwala malungo okomola, atakomokakomoka kapena atatuluka mafinya m'khutu, yambani ndi matanthauzo oyambawo. Pitani naye kuchipatala ndi buku lake la zaumoyo, muwauze adokotala zimene anadwala ndi nthawi imene khalidwe linasintha, ndipo mupemphe kuti amuyeze makutu. Akamangoti duu kwa masekondi angapo osayankha, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chachitika, nenaninso zimenezo, chifukwa pali mtundu wa khunyu umene umaoneka choncho, ndipo umenewo EEG imauona. Aphunzitsi ake muwapemphe kuti azimukhazika kutsogolo, kutali ndi khomo, ndiponso azimutchula dzina asanamuuze chochita.